Física ya klasi 11 ndi 12 ikukukanikani? Yambani mwapeza pomwe pakudontha

Chaka chilichonse, zotsatira za trimestre yoyamba zikangotuluka, pakhonde panga kuno ku Ulóngue pamadzaza ana a klasi 11 ndi 12 atapinda mapepala a teste m'thumba. Ena ndi a m'tauni momwe muno, ena amapalasa njinga kuchokera mbali ya Dómuè. Mawu awo ndi amodzi: "Aphunzitsi, Física ine yandikana." Ndimawauza kuti atulutse pepalalo tione limodzi. Pomwe cholembera chofiira chinadutsa, kawirikawiri sipakhala Física yeniyeni. Pamakhala masamu a m'makalasi apansi omwe sanakhazikike, mphindi zomwe sizinasandutsidwe masekondi, kapena liwu limodzi la Chipwitikizi lomwe mwana analimva mwa Chichewa n'kumusocheretsa.

Física ya makalasi amenewa imaima pa álgebra, ma fracção, notação científica ndi trigonometria pang'ono. Chimodzi mwa izi chikagwedera, negativa (malikisi olephera) imabwera ngakhale mwana ataloweza mafomula onse a m'buku. Ndatopa kubwereza zomwezi kwa aliyense payekha, ndiye ndazilemba pano.

Tengani ma teste anu awiri omaliza. Pa funso lililonse lomwe munataya valores (malikisi), lembani m'mbali chomwe chinachitika: simunadziwe poyambira, munayamba bwino koma nambala yomaliza inalakwika, kapena nthawi inatha. Kenako pitani pa mutu wofanana ndi zomwe zikubwerezabwereza. Pansi pa mutu uliwonse ndayamba ndi chifukwa chomwe ndimachipeza kawirikawiri.

## Fomula ndasankha yolondola, koma yankho lalakwika

1. Kutembenuza fomula kukuvuta. Ili ndiye gwero lalikulu, ndipo ambiri safuna kuvomera chifukwa amati masamu amenewa ndi a ana. Dziyeseni osayang'ana m'buku:

- Pa v = v₀ + a·t, pezani t.
- Pa Ec = m·v²/2, pezani v.
- Pa 1/R = 1/6 + 1/12, pezani R.

Mayankho ndi t = (v − v₀)/a, v = √(2·Ec/m), ndi R = 4 Ω. Ngati mwaphonya ngakhale limodzi, vuto lanu lili pano, musapite patali.

Chomwe chimasokoneza ndi kanyimbo komwe tinaloweza tili ana, koti chinthu chikawoloka kupita mbali inayo chimasintha chizindikiro. Kanyimboka kamagwira pa kuphatikiza ndi kuchotsa basi. Mwana akakagwiritsa ntchito pa F = m·a amalemba a = F − m, kapena a = F/(−m). Siyani kuwolotsa zinthu. Chomwe mwachita kumanzere kwa chizindikiro cha =, chitaninso kumanja: mukagawa ndi m uku, gawani ndi m uko. Mukakayika, yesani ndi manambala a pamsika. 6 = 2·3. Mukufuna 3 yekha? Ndi 6 kugawa 2, osati 6 kuchotsa 2. Chomwe chagwira pa 6, 2 ndi 3 chigwiranso pa F, m ndi a.

Pa ma resistência olumikizidwa em paralelo aja, ambiri amafika pa 1/R = 0,25 n'kulemba kuti R = 0,25 Ω, kuiwala kutembenuza. Kayezedwe kake n'kosavuta: ma resistência awiri akakhala em paralelo, yankho limakhala lochepera wamng'onoyo koma silitsika kupitirira theka lake. Pa 6 ndi 12, liyenera kugwera pakati pa 3 ndi 6.

2. Kulowetsa manambala msanga. Mukangothira manambala pa mzere woyamba, pofika wachinayi simudziwanso kuti 20 uja anali liwiro kapena mtunda. Tembenuzani fomula ikadali ya zilembo, manambala alowe pomaliza. Dongosolo lomwe aphunzitsi amaumirira lija, la dados, fórmula, resolução, si mwambo chabe. Limathandizanso kuti pa teste yolemba mupezeko valores zina ngakhale nambala yomaliza italakwika.

3. Makina owerengera. Calculadora imachita zomwe mwaiuza, osati zomwe mumatanthauza.

- Lembani 30 − 10 ÷ 4. Ikupatsani 27,5. Munkafuna (30 − 10) ÷ 4, yomwe ndi 5. Chilichonse chokhala pamwamba kapena pansi pa mzere wa fracção chitsekereni m'ma parênteses.
- Lembani sin 30. Yankho likhale 0,5. Ikatulutsa −0,988 ndiye kuti ili pa RAD, ikatulutsa 0,454 ili pa GRAD. Ibwezeni pa DEG, pomwe ngodya imayezedwa m'madigiri. Chitani zimenezi musanayambe teste iliyonse, makamaka ngati makinawo ndi obwereka. Ya pafoni nayo imasintha yokha chala chikakhudza.
- 8×10⁶ kugawa 2×10³ ndi 4×10³. Mukalemba motsatizana popanda parênteses mupeza 4×10⁹. Gwiritsani ntchito batani la EXP kapena ×10ˣ.
- −5² imatuluka −25, pomwe (−5)² ndi 25.

4. Kanambala kapamwamba kaiwalika. Pa s = a·t²/2, ndi t yekha amene akudzichulukitsa. a akakhala 2 ndipo t ndi 3, yankho ndi 9 m, osati 18. Ndipo mukafika pa v² = 400 simunamalize, v ndi 20.

## Yankho likutuluka lalikulu kapena laling'ono modabwitsa

Mwana wina anandibweretsera pepala pomwe anapeza kuti chapa (minibasi) inaima ndi aceleração ya −64,8 m/s². Ndinamufunsa ngati anakwerapo chapa yomwe itamanga mabuleki anthu onse anatulukira pagalasi lakutsogolo. Funso linali la galimoto yothamanga 72 km/h yomwe inaima itayenda mamita 40. Iye analowetsa 72 momwemo. Akanagawa ndi 3,6 akanapeza 20 m/s, ndipo 0 = 20² + 2·a·40 ikanamupatsa −5 m/s².

1. Ma unidade sanasinthidwe. Pa mzere wa dados pomwepo, sandutsani zonse zikhale mamita, makilogalamu ndi masekondi.

- km/h kupita ku m/s: gawani ndi 3,6
- magalamu kupita ku kg: gawani ndi 1000
- lita imodzi ndi 10⁻³ m³
- 1 cm² ndi 10⁻⁴ m², osati 10⁻². Apa pamagwa anthu ambiri.
- 1 nm ndi 10⁻⁹ m, ndipo 1 eV ndi 1,6×10⁻¹⁹ J
- 1 kWh ndi 3,6×10⁶ J

2. Kutentha kwasiyidwa mu °C. Pa malamulo a gases ndi lamulo la Wien, kutentha kumalowa mu kelvin: onjezani 273. Taganizani tayala lomwe lanyamuka m'mawa kuno kumapiri kuli 20 °C, n'kufika mumzinda wa Tete masana a mwezi wa Okutobala mpweya wam'katimo uli 40 °C. Wowerengera mu °C anganene kuti pressão yawirikiza kawiri. Mu kelvin ndi kuchoka pa 293 kufika pa 313, ndipo pressão imangokwera ndi magawo pafupifupi 7 pa 100.

3. Vírgula ndi kadontho zasokonezana. Ili ndi vuto lathu la m'malire. Mabuku athu amalemba 1,5 potanthauza imodzi ndi theka. Mabuku omwe mumabwereka kwa abale a ku Dedza kapena ku Ntcheu amalemba 1.5, ndipo 1,500 kwa iwo ndi chikwi ndi mazana asanu. Makina ambiri owerengera amatsata kalembedwe kakeko. Mukaona 2,400 pagalasi la makina, dzifunseni kaye ngati ndi ziwiri ndi kachidutswa kapena zikwi ziwiri. Mabuku a ku Malawiwo ndi abwino, ine ndimawagwiritsa ntchito, koma dziwaninso kuti amalemba u pomwe ife timalemba v₀, V pomwe ife timalemba U ya tensão, ndi sin, tan pomwe ife timati sen, tg.

4. Mulibe choyerekezera m'mutu. Sungani manambala ochepa omwe thupi lanu likuwadziwa. Munthu woyenda pansi amayenda pafupifupi 1,4 m/s. Wapanjinga, mwina 4 kapena 5. Chapa pa tala, 20 mpaka 25. Phokoso limayenda pafupifupi 340 m/s mumpweya, n'chifukwa chake bingu likamveka patatha masekondi atatu chiwalire mphezi, yagwa pa mtunda wa kilomita imodzi. Kuwala ndi 3×10⁸ m/s, ndipo yankho lililonse la liwiro loposa pamenepo ndi lolakwika. Khoma la damu la Cahora Bassa ndi lalitali mamita 171; mwala wogwa kutalika koteroko, tikanyalanyaza mpweya, utenga masekondi osakwana 6. Ndiye mukapeza kuti mango agwa mumtengo kwa masekondi 12, bwererani.

## Ndawerenga funso katatu, sindikudziwa poyambira

Pano ndikhalitsapo, chifukwa ndi pomwe ana anzeru ndithu amadziona ngati mbuli.

1. Liwu limodzi la Chichewa likubisa zinthu zingapo. Timaganiza mwa Chichewa, funso lili m'Chipwitikizi, ndipo pakati pamatayika kanthu. Liwu lovuta kwambiri ndi "mphamvu". Ng'ombe ili ndi mphamvu, nsima imapatsa mphamvu, injini ya chigayo ili ndi mphamvu, magetsi abwera ndi mphamvu. Kunyumba zonsezi n'zomveka. M'kalasi ndi zinthu zinayi zosiyana: força yoyezedwa mu newton, energia mu joule, potência mu watt, ndi tensão mu volt. Mukamamasulira funso m'mutu, liwu loti "mphamvu" musalilole. Tchulani dzina la m'buku pamodzi ndi unidade yake.

Chitsanzo chimodzi chimazilekanitsa. Mukukweza thumba la mbatatesi la 50 kg pa lole, mamita 1,5 kuchoka pansi, m'masekondi atatu. Titenge g = 10 m/s².

- Força yonyamulira: 50·10 = 500 N
- Trabalho, yomwe ndi energia yomwe thumba lalandira: 500·1,5 = 750 J
- Potência: 750 ÷ 3 = 250 W

Mnzanu akakweza thumba lomwelo m'masekondi 6, força ndi yomweyo, trabalho ndi yomweyo, potência yokha ndiyo yatsika kufika pa 125 W. Mayunitsi a magetsi omwe mayi amagula a Credelec ndi ma kWh, ndiye kuti ndi energia. Nambala yolembedwa pa simbi kapena pa babu ndi potência. Simbi ya 1000 W ikayaka theka la ola imadya 0,5 kWh.

"Kulemera" nakonso kuli pawiri. Massa ndi 50 kg ija, siisintha kulikonse. Peso ndi força yomwe dziko likukokera thumbalo, 500 N. Wogulitsa pamsika akati "peso yake ndi 50 kilo" musakangane naye, koma pa teste musamutsatire. "Ntchito" ndiye imakwiyitsa. Mayi wosenza mtolo wa nkhuni pa njira yosakwera kapena kutsika, akuyenda mosasintha liwiro, watopa ndithu, koma força yomwe mutu wake ukukankhira mtolo m'mwamba siikuchita trabalho pa mtolowo, chifukwa força ikuloza kumwamba pomwe ulendo ukuloza kutsogolo. Musakawauze mayiwo zimenezi akangotula.

2. Manambala ena abisidwa m'mawu. Mumawerenga manambala awiri, fomula ikufuna atatu, n'kuganiza kuti funso ndi lopereweza. Lachitatu lili m'mawu awa:

- "parte do repouso", "é abandonado": v₀ = 0
- "até parar": v yomaliza ndi 0
- "altura máxima": liwiro lokwera m'mwamba ndi 0 pamenepo
- "velocidade constante" pa mzere wowongoka: a = 0, ndipo força resultante ndi 0
- "superfície lisa", "despreze o atrito": atrito mulibe, energia mecânica isungika

Tsegulani tsamba lomaliza la kope lanu, muzilembamo mawu otere nthawi iliyonse akakupunthwitsani.

3. Simunajambule. Funso la dinâmica lopanda chithunzi ndi ulendo wausiku wopanda tochi. Jambulani kabokosi, ikani muvi pa força iliyonse yomwe ikugwira pa chinthucho, ndipo pa muvi uliwonse mutchule chomwe chikukoka kapena kukankha: dziko, chingwe, pansi. Muvi womwe mwalephera kutchula mwini wake, fufutani. Kawirikawiri umakhala "força yoyendetsa" yomwe ana amaiwonjezera poganiza kuti chinthu choyenda chiyenera kukhala ndi chochikankha. Mwala ukachoka pa legeni, mphira siikuukankhanso.

4. Mukusaka fomula potengera zilembo. Mwaona m, v ndi h, mukuthamangira fomula iliyonse yokhala ndi zilembozo. Yambani mwafunsa kuti chikuchitika n'chiyani. Funso likatchula nthawi, ganizani za cinemática. Likangotchula kutalika ndi liwiro popanda nthawi, kusungika kwa energia ndiye njira yachidule. Zinthu zikagundana, quantidade de movimento.

## Menos ndi mais zikundisokoneza

1. Simunasankhe mbali. Musanalembe fomula, jambulani kamuvi kosonyeza mbali yomwe mukuitcha mais, ndipo musaisinthe mpaka funso lithe. Mwaponya mwala m'mwamba ndi 20 m/s, kumwamba ndi mais: v₀ = +20, a = −10. Ukwera masekondi awiri, ufika mamita 20. Pamwamba penipenipo liwiro ndi 0 koma aceleração ikadali −10 m/s². Ikanakhala 0, mwalawo ukanakhala pomwepo osabwerera.

2. Mukuphatikiza ma vector ngati ndalama. 30 N ndi 40 N ndi 70 N pokhapokha zikuloza kumodzi. Zikalozana misana ndi 10 N. Zikapanga ngodya ya 90° ndi 50 N, mwa Pitágoras. Wopalasa bwato pa Zambezi amazidziwa osalowa m'kalasi: akalunjika tsidya ndi 2 m/s madzi akutsika ndi 1,5 m/s, bwato limayenda chopingasa ndi 2,5 m/s, n'kukakocheza kumunsi.

3. Sen ndi cos zasinthana pa plano inclinado (chitunda). Osaloweza, yesani ndi ngodya ya 0°. Ngolo ikaima pamalo athyathyathya palibe choikokera kutsogolo, ndiye mbali ya peso yotsata chitunda iyenera kukhala 0. Sen 0° ndiye 0. Choncho yotsata chitunda ndi P·sen θ, yotsindira pansi ndi P·cos θ (apa P ndi peso, θ ndi ngodya ya chitunda).

4. Lamulo lachitatu la Newton mwalimva theka. Ng'ombe zikukoka ngolo, ngolo ikukoka ng'ombe mofanana, nanga zikuyenda bwanji? Ma força awiriwo sathetsana chifukwa akugwira pa zinthu zosiyana, imodzi pa ngolo, ina pa ng'ombe. Pojambula ngolo, ikani zokhazo zogwira pa ngolo.

## Gráfico ikangobwera ndimataya valores

Chifukwa chachikulu ndi kuona gráfico ngati chithunzi cha msewu. Mzere wokwera sutanthauza kuti galimoto ikukwera phiri. Chachiwiri ndi kusawerenga zolembedwa m'mbali.

- Pa gráfico ya posição ndi nthawi, kupendekeka kwa mzere ndi liwiro. Mzere wogona ndiye kuti chinthu chaima.
- Pa gráfico ya liwiro ndi nthawi, kupendekeka ndi aceleração, ndipo malo a pansi pa mzere ndi mtunda womwe chasuntha. Mzere wogona apa ndiye kuti chikuyenda mosasintha liwiro.

Yang'ananinso ngati m'mbali alemba ms, cm kapena ×10³.

## Funso lopanda manambala limandimaliza

"Tensão ikawirikiza kawiri, chichitike n'chiyani?" Mafunso otere amakonda kubwera pa mayeso a boma ndi olowera ku yunivesite. Vuto n'kuzolowera kuti fomula ndi chigayo chothiramo manambala. Njira yachidule: dzipangireni manambala osavuta, werengerani kawiri, yerekezani.

Chitsanzo chake tili nacho pakhomo. Cahora Bassa ili ndi makina asanu a 415 MW lililonse, onse pamodzi 2075 MW, ndipo magetsi ambiri amachoka ku Songo kupita ku siteshoni ya Apollo ku South Africa pa mawaya a makilomita pafupifupi 1400, omwe anamangidwa kuti azinyamula 533 kV. Bwanji tensão yokwera chonchi? Chifukwa P = U·I, ndipo zotayika potenthetsa waya ndi R·I². Pa potência yomweyo, U ikawirikiza kawiri I imatsika ndi theka, ndipo zotayika zimatsala gawo limodzi mwa anayi. Kudimba n'chimodzimodzi: mukachepetsa kukamwa kwa paipi kuti diâmetro ikhale theka, madzi omwewo amatuluka ndi liwiro lowirikiza kanayi, pakuti malo otulukira amatsata diâmetro yodzichulukitsa. Paliponse pomwe pali kanambala 2 pamwamba, "kawiri" amasanduka "kanayi".

## M'kalasi ndimamva, koma pa teste mutu umaima

1. Mumawerenga Física ngati História. Kuyang'ana chitsanzo chomwe aphunzitsi anathetsa n'kumagwedeza mutu si kuphunzira. Phimbani yankho, thetsani nokha, kenako yerekezani. Mawa lake bwerezani funso lomwelo kope lili chotseka.

2. Foni ikukuthetserani. Kujambula funso n'kulandira yankho pa WhatsApp kapena pa intaneti kumadzaza kope, mutu n'kukhala momwe unalili. Limbanani nalo kaye mphindi 15. Komanso zomwe zimabwera pafoni si zonse zolondola.

3. Pagulu mumangomvera. Mutu umodzi susenza denga, inde, koma m'magulu ambiri mmodzi ndiye amalemba, anayi akuonerera. Aliyense ayambe wayesa yekha, kenako wina afotokoze mwa Chichewa, mnzake alembe m'Chipwitikizi. Pomwe wofotokozayo wakakamira ndi pomwe sanamvetse.

4. Simunayesepo ndi wotchi. Pezani mapepala a mayeso a zaka zapitazo, khalani pansi, dziikireni nthawi. Funso likakukanizani lidumpheni, mudzabwerere. Pa mafunso osankha A, B, C, D, kupeza nambala yanu pa mndandanda si umboni woti mwakhoza: mayankho olakwika amapangidwa dala kuchokera ku zolakwa zomwe ndatchula pamwambazi, ndipo −64,8 uja mukhoza kumupeza atakhala pa B akukudikirani.

5. Tulo ndi njala. Wochezera usiku wonse n'kulowa m'mayeso m'mimba muli pululu amaphonya ngakhale zomwe akuzidziwa. Makolo, mwana wa klasi 12 akamabwera kumunda dzuwa litapendeka n'kukatunganso madzi, nthawi yothetsa mafunso aipeza kuti? Mpatseni ola limodzi kukadali kowala.

## Pomwe muyenera kuleka kulimbana nokha

Safunsa anadya phula. Pitani kwa aphunzitsi anu a Física kapena a Matemática ngati:

- mafunso atatu oyesera kutembenuza fomula aja akukukanikanibe mutayeserera milungu iwiri;
- yankho lanu likusiyana ndi la m'buku mutabwereza katatu, pakuti mabuku ndi mapepala ofotokopa nawo amalakwitsa;
- munajomba mutu wathunthu chifukwa cha matenda kapena maliro.

Musapite chimanjamanja n'kungoti "sindikumva". Tengani pepala lomwe munayeserapo, mulozere mzere womwe munaimira. Mukafuna explicação yolipira, onani amene amagwira cholembera nthawi yambiri. Ngati ndi explicador yekha, ndalama zanu zikungopita.

Kalasi ikakhala milungu yopanda mphunzitsi wa Física, chefe wa turma ndi makolo akaonane ndi director pedagógico, osadikira mayeso ayandikire. Wina aliyense akakuuzani kuti valores zimafuna ndalama kapena thupi lanu, imeneyo si nkhani ya Física. Uzani kholo kapena wamkulu amene mumamukhulupirira, kapena imbani 116, Linha Fala Criança, yomwe ndi yaulere.

Pitani kuchipatala ngati mumakopera molakwika za pabolodi, 3 kukhala 8, menos kusowa, kapena mutu umapweteka mukawerenga pang'ono. Ana ena omwe ankatchedwa osasamala ankangofunika magalasi. Chimodzimodzi ngati mantha a mayeso akukulepheretsani kugona kapena kudya kwa masiku ambiri.

Pa zoyesera kunyumba, malire ndi awa:

- Magetsi a pakhoma, a 220 V, si oyesera lamulo la Ohm. Soketi yothetheka kapena waya wosupuka ndi ntchito ya electricista, ndipo mawaya a pamtengo ndi mita ndi za kampani ya magetsi ya EDM.
- Batire la galimoto kapena la sola ndi la 12 V chabe, koma waya kapena sipanala ikalumikiza mitu yake iwiri imafiira ngati khala, ndipo batire likhoza kuphulika.
- Musatsegule TV yakale kapena inversor. Ma condensador amasunga magetsi ngakhale mwazula pulagi.
- Musayang'ane dzuwa ndi lente, ndipo kuwerengera masekondi a bingu chitani muli m'nyumba, osati pansi pa mtengo.

Mabatire a tochi a 1,5 V, timababu ting'onoting'ono ndi zingwe ndi zokwanira pa zambiri za m'buku. Ngati sukulu yanu ilibe laboratório, mangani kamwala ku chingwe, mukoloweke pa phaso kuti kuchokera pomangira kufika pakati pa mwala pakhale mita imodzi. Kankhirani pambali pang'ono, musiye, muyeze ndi wotchi ya pafoni nthawi ya maulendo khumi opita ndi kubwera. Mupeza masekondi pafupifupi 20, kutanthauza kuti T, nthawi ya ulendo umodzi wopita ndi kubwera, ndi 2 s. Tembenuzani T = 2π√(L/g) nokha mpaka g atsale yekha, mulowetse manambala, muone ngati mufika pafupi ndi 9,8. Mukapeza pafupifupi 39, munawerenga kupita kokha ngati ulendo wathunthu.